Musanagule mota ya 3000W, onani kaye chitsulo chakumbuyo

Akulu, mwafunsa za kuika mota yamagetsi ya 3000W pa njinga yanu yamatayala atatu yokhala chogonerayo, koma imani kaye musanatumize ndalama ku Lusaka. Anthu amene akuyankhani akukuuzani za batire ndi controller (kabokosi kowongolera magetsi opita ku mota), zonsezo n'zoona, koma palibe watchula kachitsulo kogwira ekiselo ya tayala lakumbuyo. Kameneko kanatsala pang'ono kundiphetsa pa msewu wa ku Mwami, kumalire a Malawi.

Yanga ndi mtundu womwe mukufunawo, matayala awiri a mainchesi 20 kutsogolo, limodzi la mainchesi 26 kumbuyo, mota ili m'kati mwa lakumbuyolo. Batire ya 72V, magulu 20 a maselo motsatizana, ikadzaza imafika 84V. Kumbuyoko ndinadula felemu ya Eagle yakale, njinga zija ankapanga konkuno ku Chipata ku fakitale ya Luangwa Industries, n'zolemera koma chitsulo chake chimamva moto bwino. Tsono ekiselo ya motayi siyobulungira yonse, ili ndi mbali ziwiri zosemedwa, pakati pake mamilimita 10 okha. Mota ikamakankha tayala kutsogolo, mphamvu yomweyo imapotokola ekiselo chammbuyo. Timano ta felemu timene timagwira tayala anatipangira miyendo ya munthu, osati ma amp opitirira 40 amene 3000W imakoka pa 72V. N'chifukwa chake pamafunika torque arm, chitsulo chochindikala chopana ekiseloyo, mbali zonse ziwiri.

Ine ndinajambula bwinobwino pa katoni, ndinalemba kuti kuchindikala kwake mamilimita 6, ndinapereka kwa wowotcherera wina m'tauni muno, ndalama yonse ndinalipiratu. Iye akuti, "Bwana musade nkhawa, ine ndimapanga ngolo za ng'ombe." Anandizunguza mpaka ndinatopa, lero malaiti kulibe, mawa ndili kumaliro, mkuja mnyamata wapita ndi makiyi. Atandipatsa zinali zakuda bii, penti yonyezimira, zooneka zochindikala ndithu. Anangomanga yekha pa njinga, nati wakuwakunga, basi pitani bwana.

Tsiku lake ndinali pa chitunda, ndaima chifukwa cha minibasi imene inkatsitsa anthu. Kumbuyo kwanga thiraki yopita ku Malawi, yodzaza. Minibasi itachoka ndinapotoza throttle, chogwirira choonjezera liwiro, kuti ndichoke msanga pamaso pa thirakiyo. Ndinangomva kho! kumbuyo kwa mutu wanga, chifukwa pa njinga izi tayala lakumbuyo limakhala pafupi ndi khutu. Ekiselo inazungulira m'malo mwake, n'kukulunga mawaya amene amatulukira m'kati mwake mpaka kuwadula. Mawaya atatu a mota aja akagundana, mota imasanduka buleki. Tayala linagwira nganganga, kumbuyo kunayamba kukhwekhwerezeka cham'mbali, kulowera pakati pa msewu. Thiraki hutala, mabuleki a mpweya akulira, ine ndagona chagada masentimita ochepa kuchokera pa tala, ndikuona bampala pamwamba panga. Pa njinga wamba umalumpha n'kuitaya. Apa ulumpha bwanji miyendo ili m'mwamba kutsogolo? Phazi lakumanzere linapulumuka pa pedulo, linagunda pansi, paipi yopingasa yakutsogolo ija inalikokera kunsi kwa njinga. Ndinamva ngati bondo lazuka. Ndinakhotetsera kumanzere ndi mphamvu zonse, tayala limodzi linanyamuka, ndinagubudukira m'ngalande njinga ili pamwamba panga, fungo la pulasitiki yopsa lili gu. Anyamata a njinga zonyamula anthu ndi amene anandisolola, wina akukuwa kuti iphulika. Fyuzi ndi imene inapsa msanga, apo ayi batire ija ikanayaka ili pansi pa msana wanga.

Kunyumba nditapala penti ndi mpeni, mukudziwa chimene ndinapeza? Timalata tiwiri totsala pa felemu ya chitseko, watiphatikiza, wawotcherera m'mbali mokha, wasalaza ndi grinder. Mpata wa ekiselo anaukulitsanso kuti asavutike polowetsa, ndiye kuti sichinkagwira kanthu kuyambira tsiku loyamba. Ndinapita ndikutsimphina kukamuonetsa. Munthu osachita manyazi n'komwe, akuti mota yanu ndiyo yamphamvu mopitirira bwana, onjezerani kangachepe ndikupangireni china. Kangachepe! Controller yapsa, mota yofunika kuimasula yonse kuti ulowetse mawaya atsopano, bondo lotupa, iye akufuna ndimuonjezere. Mpaka lero ndikadutsa pamalo pake amakweza dzanja ngati ndife abale.

Ndiye langizo langa, musapitirire 48V ndi 1000W. Imeneyo ndi magulu 13 a maselo, ikadzaza 54.6V, ma amp ake ndi 20 ndi kenakake, mawaya ndi felemu zimapirira. Batire ya 48V 20Ah ndi 960Wh, m'tauni muno ikukwanirani. Maselo otola m'malaputopu akale asiyeni, sapirira kukoka kwambiri, amatentha. BMS (kachipangizo koteteza maselo a batire) ndi fyuzi pafupi ndi batire musanyengerere. Komanso mukaika regen, buleki ya mota yobwezera magetsi mu batire, ekiselo imagwedezeka uku ndi uku nthawi iliyonse mukamanga buleki, manati amamasuka okha, muziwayang'ana musananyamuke.

Koma kunena zoona, ndi zitunda za Chipata zino, njinga yolemera chonchi pa 1000W imakwera mochita kupempha. Ine ndinabwezeramo 72V yomweyo, ndipo ndikakwera panopa sindifuna kumva za 48V. Ngati mtima wanu uli pa 3000W, ikani, koma chitsulo mukagule nokha, muyeze nokha ndi vernier, chida choyezera mamilimita, mpata wa ekiselo ausalaze ndi fayelo inu muli pomwepo mpaka ilowe mochita kukhomera, ndipo asapake penti musanaone. Nokha musawotcherere kunyumba ngati simunazolowere, paipi yopyapyala imabooka ndi rod yowotcherera, pitani kwa owotcherera omwewo basi muwakhalire pakhosi. Mabuleki a disc kutsogolo konse kuwiri, zomangira mapazi pa mapedulo, ndi mbendera yayitali yowala, chifukwa woyendetsa thiraki sakuonani muli pansipo. Za mapepala mukafunse ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo pamsewu, liwiro lake si la njinga yopalasa ayi.

Zitsulo za wowotcherera uja ndinazisunga.