Yisiti ya mowa wa tirigu ikasowa, mufulule bwanji?

Owerenga wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti chimera cha tirigu ndi cha balere ali nacho, hops (maluwa owawitsa ndi kununkhiritsa mowa) alinso nawo, zonse anamubweretsera achibale ochokera ku Joni. Chamusowa ndi yisiti ya Hefeweizen, mowa wa tirigu wa ku Germany uja wooneka mbuu m'tambula. Akufunsa ngati angothira yisiti ya buledi ya m'golosale kapena adikire.

Achimwene, pa mowa umenewu yisiti ndiye mwini nkhani. Kafungo ka nthochi yakupsa ndi ka ma cloves kamene munakamva tsiku loyamba kulawa Hefeweizen sikachokera m'tirigu. Ka nthochi ndi isoamyl acetate, yemwe yisiti imapanga ikamadya shuga. Ka ma cloves ndi 4-vinyl guaiacol, yemwe amabwera yisiti ikasintha ferulic acid wa m'chimera, ndipo si yisiti iliyonse imene imatha zimenezi. Yotchuka kwambiri ndi Weihenstephan 68 ya ku Freising, m'chigawo cha Bavaria, yomwe imagulitsidwa yamadzi pa dzina la Wyeast 3068 kapena White Labs WLP300. Yamadziyo muiwale. Imafuna kukhala pozizira ulendo wonse, ndiye ikakwera basi yodutsa ku Beitbridge ndi m'ng'anjo ya ku Tete, imafika itafooka kapena itafa.

Muitanitse youma. Kapaketi ka magalamu 10 kapena 11 kamalowa m'thumba la malaya, kamapirira ulendo, ndipo kamakwana malita 20. Ine ndingayambe ndi LalBrew Munich Classic, ikasowa Mangrove Jack's M20 Bavarian Wheat. Palinso SafAle WB-06, koma iyi muziidziwa khalidwe lake: imadya shuga mpaka yemwe yisiti zina zimamusiya, mowa umatuluka wouma, wowawasa pang'ono, ndipo mukathamangira kuthira m'mabotolo isanamalize, mabotolo amatha kuphulika. Okugulirani aone deti lothera ntchito pa paketi, ndipo ikafika igonere m'furiji.

Paketi imodzi yokhayo ikhoza kukufululirani kangapo, ngati mungaisamale monga mlimi asungira mbewu akakolola. Mwayi wake ndi woti yisiti ya mowa wa tirigu imakwera pamwamba. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mukatsegula ndowa mupeza thovu lochindikala, lomata, lotuwira ngati kirimu, pamwamba pake pali timadontho tabulauni ta zinyalala za hops. Tabulaunito muchotse ndi kutaya. Patapita maola angapo thovu loyera likadzazanso, mutape limenelo ndi sipuni yomwe mwaiwiritsa, muike m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, lowiritsanso, muthirepo madzi owiritsa atazizira. Chivindikiro musamange kwambiri, chifukwa yisitiyo imakhala ikutulutsabe mpweya. M'furiji idikha pansi, yoyera bwino. Imeneyi imaposa ija yopala pansi pa ndowa mowa utatha, yomwe imasakanikirana ndi nsenga ndi yisiti yakufa. Nthawi zonse muzisiya malo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndowa, apo ayi thovu mulipeza pasimenti m'mawa.

Yosungayo igwire ntchito pasanathe masabata awiri. Ikakhalitsa, kapena magetsi akhala akuzimazima furiji n'kumafunda, muyambe mwaidzutsa. Tsiku lofulula muzipatulako lita imodzi ya madzi otsekemera a chimera aja, osungunula mpaka pafupifupi 1.040 pa hydrometer (kachipangizo koyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi), n'kusunga m'firiza. Mukafuna kudzutsa yisiti, wiritsani madziwo mphindi 15, azizire ali ovindikira, thiranimo yisiti, muzikhutchumula kangapo pa tsiku. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri thovu lioneka. Mununkhize. Ikamanunkha buledi ndi nthochi ili bwino; ikamanunkha vinega, tayani osaumira, chifukwa chimera chochokera kutali chija n'chodula kuposa yisiti.

Ena adzakuuzani kuti mugule botolo la Weissbier (dzina lina la mowa wa tirigu wa ku Germany), mudzutse nsenga za pansi pake. Zimatheka, koma makampani ambiri amasefa yisiti yofululira n'kuikamo ina, nthawi zambiri ya lager, yongopangira gasi m'botolo, ndipo ena amatenthetsa mowawo kuti usawonongeke, yisiti n'kuferatu. Mowa wa Schneider Weisse wa ku Kelheim, ku Bavaria, ndi amene amadziwika kuti m'botolo mumakhala yisiti yake yeniyeni. Mukampeza wosakhalitsa pa shelefu, yambani ndi madzi a chimera ochepa, theka la kapu, osatsekemera kwambiri, kenako muziwonjezera.

Tsono za yisiti ya buledi. Sindiinyoza. Ndi mtundu womwewo wa Saccharomyces cerevisiae, mowa umawira ndithu, ndipo yambiri imatulutsako kafungo ka ma cloves. Imachedwa kudikha, koma mowa uwu ndi wa mbuu kale. Vuto lake n'loti anaisankhira kutupitsa ufa msanga, choncho nthochi imamveka patali, kafungo ka buledi n'kumaposa, ndipo paketi iyi ndi ina sizifanana. Ngati mtima wakana kudikira, yesani malita 5 okha, pamalo pozizira, chimera chotsalacho chidikire paketi yeniyeni. Nthochi zenizeni musaponyemo; shuga wake yisiti imadya, fungo silikhala, mumangotsala ndi matope.

Mwina imene ingapezeke ndi yisiti wamba ya ale, monga SafAle US-05. Pamenepo sinthani mowa, musakakamize dzina. Tirigu ndi yisiti yosanunkhira zimapereka mowa wa tirigu wa ku America, wopepuka, womveka hops, ngati umene a kampani ya Widmer anatchukitsa ku Portland m'zaka za m'ma 1980. Mukathira njere za coriander zosinja ndi makoko a lalanje mphindi 5 madzi asanaphulidwe pamoto, mwayandikira witbier, mowa wa tirigu wa ku Belgium, mtundu wa Hoegaarden. Makokowo muzisenda mopyapyala, choyera cha mkati chimawawa. Ndipo wina akakupatsani yisiti ya kveik ya Voss ya ku Norway, ilandireni ndi manja awiri: imawira bwino pa madigiri 35 mpaka 40, imapereka kafungo ka lalanje, ndipo ndi yokhayo yomwe ndingaikhulupirire mu Okutobala popanda furiji.

Yisiti ya Bavaria yokha imafuna madigiri 17 mpaka 20. Ikapitirira 22 nthochi imachuluka n'kuphimba zonse, ikafika cha m'ma 26 mowa umaluma pakhosi. Ku Lilongwe miyezi yabwino ndi Juni ndi Julayi. Miyezi ina, ndowa ikhale m'beseni la madzi, yokutidwa ndi thaulo lonyowa, makamaka masiku atatu oyamba pamene yisiti imadzitenthetsa yokha. Ngati mumakonda ma cloves kuposa nthochi, yambani kuviika chimera pa madigiri 44 kwa mphindi 15 musanakweze kufika 66. Pamenepo ndi pamene ferulic acid amamasuka, yisiti n'kupeza chosintha. Tirigu akhale theka la chimera chonse kapena kuposa, ndipo muthiremo manja awiri a mankhusu a mpunga otsuka bwino, poti tirigu alibe makoko ndipo amatseka sefa.