Oyera kapena opatulika?

Owerenga ena a ku Ngabu alemba kuti: "M'busa wathu amati ndife oyera, pomwe agogo amati Mkhristu ndi wopatulika. Akulondola ndani?"

Bambo, onse awiri ali ndi Baibulo kumbuyo kwawo. La 1922 linatchedwa Buku Lopatulika, la 1998 Buku Loyera, ndipo Akatolika anali ndi Malembo Oyera. Koma mawuwa si mapasa ayi.

Kuyera n'kwa maso: nsalu imayera, madzi amayera, kunja kumayera. Kupatula ndiko kumandikoma ine. Onani kachidutswa ka -ul- kamene kamabweza ntchito m'mbuyo: kutseka, kutsekula; kumata, kumatula. Ine ndimaumirira kuti kupatula kunachokera ku kupata, kutanthauza kuchotsa chinthu pamene chinagwirana ndi zinzake, ndipo wofuna kutsutsa abwere ndi umboni wake. Wopatulika ndiye kuti wachotsedwa pagulu. Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje, ndi malo opatulika, koma sindinamvepo nkhalamba ya Chimang'anja ikuti ndi malo oyera. Nkhani ya kumeneko ndi ya malire, woti alowe ndi woti asalowe.

Muzu womwewu unabala mawu oti mpatuko, amene a mipingo yakale amanyozera nawo anzawo. Ofuna kutchedwa opatulika ndi omwewo amakwiya mukawatcha a mpatuko! Chikhalirecho Uthenga Wabwino sunabise kuti umagawa. Pa Luka 12:51 Yesu akuti sanadzere mtendere koma kugawanitsa anthu, ndipo pa Mateyu 3:12 Yohane Mbatizi akukamba zolekanitsa tirigu ndi mankhusu. Mayi wopeta mapira amawayeretsa pochotsa mankhusu, ntchito ziwiri m'lichero limodzi. Ndikukumbukira ndili mwana mayi wina wamasiye anakana mwambo wa kupita kufa, woyeretsa wamasiye, chifukwa cha pemphero. Abale a malemu ankati wakana kuyeretsedwa, a kutchalitchi ankati wayeretsedwa kale, ndipo mbali ziwirizo zinasiya kudyera pamodzi.

Choncho nenani Mzimu Woyera, pakuti ngakhale Buku Lopatulika limatero, ndipo "Mzimu Wopatulika" ungaseketse anthu. Za malo ndi ziwiya za m'kachisi, opatulika ndiye mawu ake. Za munthu, sankhani nokha.

Chimene sindilola ndi ichi ndikumva pa zimkuzamawu za pa Nchalo: "bwerani mudzadelivalidwe." Kumasula kulipo, kuombola kulipo, kupulumutsa kulipo. Agogo anuwo akafunsa kuti kudelivalidwa n'chiyani, muwatumize kwa m'busayo akawayankhe yekha.