Chimene chimakuta Joni m'nyengo yozizira: utsi, nkhungu kapena chifunga?

Bambo wina wa ku Rosettenville, dera la mu Johannesburg, wafunsa kuti chinthu chofiirira chimene chimaphimba nyumba zosanja za mu Johannesburg m'mawa wa miyezi ya June ndi July tizichitcha chiyani pa Chichewa, popeza mwana wawo amangoti "simogi".

Bambo, nkhungu tiichotseretu, chifukwa nkhungu ndi madzi okhaokha ndipo sikhetsa munthu misozi. Utsi nawonso sukwanira, pakuti utsi umachoka pamoto uli wopangika kale, pamene chimene inu mukuonacho mbali yake ina imapangikira m'mwamba momwemo. Malasha amene amawotchedwa popanga magetsi ku Mpumalanga, m'malo monga Kendal ndi Matla, amatulutsa mpweya wa sulfur dioxide umene suoneka ndi maso. Dzuwa likaswa mpweya wa ozoni pamene pali chinyezi, pamabadwa kanthu kolusa kotchedwa OH, kamene kamagwira sulfur dioxide uja mpaka pakapita masiku angapo asanduke asidi wa sulufule, ndipo m'timadontho ta mitambo ntchito yomweyo imachitika mofulumira chifukwa cha mankhwala otchedwa hydrogen peroxide. Asidiyo ndiye amaundana n'kukhala tinthu tosalala kuposa fumbi timene timatchinga maso. Kufiirira kuja kumachokera kwambiri ku mpweya wa nitrogen dioxide wotuluka m'magalimoto, amene akasakanikirana ndi fungo la petulo padzuwa amabala ozoni woyabwa pakhosi, monga momwe wasayansi Arie Haagen-Smit anasonyezera ku Los Angeles kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Usiku wozizira mpweya wozizira umatsekeredwa pansi pa wofunda, choncho zonsezi, pamodzi ndi utsi wa mbaula za m'makomboni, zimasowa kolowera.

Kutsekeredwa kumeneku ndi kumene kumandikondetsa liwu lakuti chifunga. Agogo anga ku Dedza ankati "kwachita chifunga" pamene phiri labisika ngakhale kunja kuli kouma, ndipo palibe amene angandichotse pa chikhulupiriro chakuti liwuli ndi pachibale ndi kufunga kwa Chiswahili, kumene ndi kutseka. Eni ake a liwu la Chingerezi lakuti smog, simogi uja, anangolumikiza smoke (utsi) ndi fog (nkhungu) m'chaka cha 1905, ndipo ankanena za utsi wa malasha wosakanikirana ndi nkhungu, wonga umene unapha anthu oposa 4,000 ku London mu December 1952. Pamene anatengera liwulo ku Los Angeles kwa dzuwa, analikoka mpaka kulitanula, ndiye sindikuona chifukwa chobwerekera chovala chong'ambika kale.

Chondinyansa kwambiri ndi "kuokisidayiza" kumene ndimamva kwa ophunzira athu. Khasu likagona panja limachita dzimbiri chifukwa chitsulo chagwirana ndi okosijeni, ndipo sulfur dioxide amachita zomwezo mumlengalenga, choncho nenani kuti wagwirana ndi okosijeni n'kusanduka asidi.

Polemba, bambo, lembani "chifunga cha utsi", ndipo pofuna kusiyanitsa chifunga chochokera ku magalimoto chija muwonjezere kuti "chopsa ndi dzuwa". Mwanayo muziti akamakambirana ndi anzake a ku sukulu anene simogi wakeyo, koma akamaimbira foni agogo ake kumudzi anene chifunga.