Mukufuna kusiya leba kuti mukaphunzitse anamwino? Ndimvereni kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa namwino wina, yemwenso ndi mzamba pachipatala chaching'ono kuno ku Mangochi. Akufuna kupita kusukulu kuti adzakhale mphunzitsi wa anamwino, ndipo mtima wake uli pa zophunzitsa kudzera pa kompyuta ndi pafoni. Koma akuti chikumbumtima chikumuvutitsa, akuona ngati akuthawa amayi oyembekezera.

Achemwali, kalata yanu yandikhudza, chifukwa inenso anandinenapo mawu amenewo nditachoka muwodi kupita m'kalasi: "Mwatopa ndi magazi, mwasankha choko." Anandipweteka. Lero ndikukuuzani mosapsatira kuti kuphunzitsa sikuthawa ayi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo (DHS) wa 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2010 chiwerengerocho chinali 675, ndipo mu 2015-16 chinatsika kufika pa 439. Boma litaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi mu 2007, amayi anakhamukira kuzipatala, ndipo amene anawalandira usiku ndi usana anali atsikana ndi anyamata amene wina wake anawaphunzitsa kudzaza partograph (pepala lolembapo mmene leba ikuyendera) ndi kubaya mayi oxytocin (mankhwala oteteza kutaya magazi) mwana akangobadwa. Wina wakeyo ndi amene mukufuna kukhala inuyo.

Koma mphunzitsi wa azamba amene manja ake anasiya kugwira mimba ine sindimukhulupirira, ngakhale atakhala ndi madigiri angati. Ndipo Mangochi ndi amene anandiphunzitsa zimenezi.

Boma lathu la Mangochi lino anthu ake ndi oyenda. Ku Chiponde munthu amangodumpha malire n'kukhala ali ku Mandimba, ndipo mbali zonse ziwiri amayankhula Chiyao, amakwatirana, amaikana maliro. Tsiku lina ndikuyang'anira ophunzira, kunafika mayi wa tsidya la Mozambique pa njinga yamoto, mimba ili pafupi kukwana masiku. Khadi lake la sikelo analikulunga bwinobwino m'pepala la shuga, koma linali la Chipwitikizi. Wophunzira wanga analitembenuza uku ndi uku n'kulemba kuti mbiri ya mimbayi sikudziwika. Ndinamukhazika pansi pomwepo. Manambala a BP ndi masiku ofikira kusikelo amawerengeka, kaya khadilo ndi la dziko liti, ndipo manambalawo ankakwera ulendo ulionse. Mapazi anali otupa moti ukadina chala pankatsala dzenje. Titamufunsa m'Chiyao, mayiyo anati mutu ukumuwawa kuyambira dzulo ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi. Tinamuyeza, BP inali yadutsa 160 pa 110. Tinayamba kumupatsa magnesium sulphate, mankhwala oteteza kukomoka, asanayambe kukomoka. Phunziro limenelo mulibe m'manotsi anga alionse, linachitikira pambali pa bedi.

Nanga za ku Joni? Ndi mabanja angati ku Namwera, ku Katuli kapena ku Makanjira amene bambo ali ku Johannesburg kapena ku Durban? Mayi matenda amuyamba pakati pa usiku, ndalama ya thiransipoti ikudikira kuti bambo atumize, chilolezo chikudikira apongozi kapena mwini mbumba, ndiye msewu wa ku Makanjira mukuudziwa nokha nthawi ya mvula. M'mabuku timati kuchedwa kuli patatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo utafika. Wophunzira amaloweza zimenezi n'kukhoza mayeso. Koma ndikufuna kuti kusikelo azifunsa kuti, "Amayi, bambo akunyumba ali kuti? Matenda akayamba usiku, adzakunyamulani ndani? Bwanji mubwere kuchidikiro masiku akayandikira?"

Palinso amayi amene anapita okha ku Joni n'kubwerako ali oyembekezera, ena mothawa ngati mmene zinalili mu 2015 pamene mabasi anabweretsa anthu athu othawa zipolowe zodana ndi alendo. Mayi woteroyo mwina amamwa ma ARV kumeneko, khadi linatsala m'nyumba imene anaithawa, mankhwala anatha panjira, ndipo sanena pokhapokha mutamufunsa pambali, mofatsa. Dziko lathu ndi limene linayambitsa Option B+ mu 2011 kuti mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV ayambe mankhwala a moyo wonse. Zimandipweteka mwana akatenga kachilombo chifukwa chakuti nesi anakalipa kuti, "Buku lanu lili kuti?" mayiyo n'kubwerera pakhomo. Mphunzitsi amene salankhula za mlendo m'kalasi akutulutsa anamwino osakonzekera Mangochi.

Tsono za makompyuta zanuzo. Ndimazikonda, musandimve molakwa. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha COVID-19, chimene chinatipulumutsa ndi WhatsApp. Ndinkajambula mawu achidule m'malo mwa vidiyo, chifukwa wophunzira amene ali kumudzi bandulo yake ndi yowerengera, netiweki mpaka akwere pachulu. Safe Delivery App, pulogalamu ya pafoni yothandiza azamba, ndi yabwino chifukwa ukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo mzamba ali yekha usiku atha kuonanso mmene angachotsere nsengwa yokanirira. Chipatala cha pa Foni, chimene anthu amaimbirako kufunsa malangizo a zaumoyo ndipo chinayambira ku Balaka mu 2011, chinayenda chifukwa foni ya mabatani yomweyi imakwanira kuimba 54747. Koma ndinaonanso pasukulu ina matabuleti a mphatso atatsekeredwa m'kabati mpaka mabatire kufa, poti palibe amene anaganizira zotchajira kapena zoikamo. Ndipo palibe vidiyo imene ingaphunzitse dzanja kusiyanitsa chiberekero cholimba ndi cholobodoka. N'chifukwa chake ndimavala MamaNatalie, mimba yoyerekezera yophunzitsira azamba, pamimba panga, n'kutsegula magazi abodza aja kuti ayenderere, wophunzira n'kumatikita, kuitana thandizo, kuwerengera nthawi, thukuta lili kamukamu. Foni imukumbutse ndondomeko, koma manja aphunzire pamenepo ndi muwodi.

Ndiye muchite chiyani?

Yambani pomwe mulipo. Ophunzira akabwera kupulakatiko pachipatala panu, pemphani kuti mukhale preceptor wawo, yemwe amawayang'anira ndi kuwaphunzitsa muwodi, muone ngati kubwereza chinthu chimodzi kakhumi kumakusangalatsani. Ngati muli ndi dipuloma, kwezani kaye kufika pa digiri. Funsani ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena ku Mzuzu University za maphunziro amene alipo chaka chino, ndipo funsaninso a Nurses and Midwives Council of Malawi zimene amafuna kwa mphunzitsi. Makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga St Luke's ku Malosa, ali pafupi nafe, kachezeni ndi aphunzitsi akumeneko. Phunzirani Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, koma chilichonse chimene mwakonza muziyamba mwachiyesa pafoni yotchipa. Ngati Chiyao simuchidziwa, yambani kuphunzira mafunso a kusikelo. Ndipo mukadzapeza ntchitoyo, mudzapemphe kuti masiku anu a muleba alembedwe pa ndandanda ya sabata iliyonse, asadzakhale ongoyendera mukapeza mpata.