Bambo akuti kuphunzira zopanga magemu ndi chibwana

Mtsikana wina amene wamaliza Fomu 4 wandilembera kalata yofunsa ngati n'chanzeru kukaphunzira kupanga magemu kusukulu ya zaluso, popeza iye amajambula bwino koma bambo ake akuti zimenezo ndi chibwana, ndipo akufuna kuti akachite maphunziro a makompyuta basi. Funsoli landikhudza kwambiri, achemwali, chifukwa mawu omwewo ndinawamva kwa amalume anga pamene ndinkanyamuka kukachita maphunziro amenewa, ndipo mpaka lero tikakumana pamaliro kapena paukwati amandifunsa ngati ndikadali kuseweretsa makompyuta.

Chimene amalumewo sankadziwa n'chakuti masabata oyamba onse kompyuta sitinaikhudze n'komwe. Mphunzitsi wathu anatipatsa makatoni, zivindikiro za mabotolo ndi sizasi, n'kutiuza kuti aliyense apange masewera oti anthu awiri asewere patebulo. Lamulo lake linali limodzi lokha, loti anzako akamasewera zimene wapanga, iwe ukhale pambali, manja pamiyendo, osafotokoza kanthu ngakhale ukuona kuti asochera. Ine ndinakonza masewera othamangitsana, koma mnzanga wina atakhala pansi sanalabadire za mpikisanowo. Anayamba kusanja zivindikirozo pamwamba pa zinzake kuti aone pamene zigwere, mnzake akumugwedezera tebulo, onse awiri akuseka mpaka misozi. Mphunzitsi uja anandikodola n'kunena motsitsa mawu kuti ndilembe zimene manja awo akuchita, chifukwa masewera anga enieni ndi amenewo. Kukhala chete kotereku, mtima ukuwawa, ndi luso limene ndimaligwiritsa ntchito mpaka pano, ndipo sindikhulupirira kuti munthu angaliphunzire ali yekha m'chipinda mwake.

Pachifukwa chimenechi ndimatsutsa kwamtuwagalu maganizo oti munthu alipire ndalama zambiri kuti akaphunzire pulogalamu inayake. Godot, pulogalamu yopangira magemu, ndi yaulere kuyambira 2014, ndipo maphunziro ake ali mbwee pa YouTube. Komanso mapulogalamu amasintha mosayembekezereka: mu Seputembala 2023 kampani ya Unity, mwini wa pulogalamu ina yopangira magemu, inalengeza kuti iyamba kulipiritsa ogwiritsa ntchito pulogalamuyo potengera kuchuluka kwa anthu oika gemu m'zipangizo zawo, anthu ambiri anakwiya n'kuyamba kusamukira kwina, ndipo patatha chaka kampaniyo inathetsa ganizolo. Sukulu imene imadzitama ndi dzina la pulogalamu ikukugulitsani chinthu chosakhalitsa. Chokhalitsa ndi anzanu oyesa ntchito yanu sabata iliyonse, ndi aphunzitsi okuuzani mosabisa kuti zimene mwapangazo sizikusangalatsa.

Mukayang'ana magemu amene anachokera m'masukulu muona zomwezi. Ophunzira a kusukulu ya DigiPen, ku America, anapanga gemu ya Narbacular Drop mu 2005, kampani yopanga magemu ya Valve inawalemba ntchito onse, ndipo ganizo lawo loboola makoma n'kutulukira kwina ndilo linabala gemu ya Portal mu 2007. Jenova Chen ndi Kellee Santiago anakumana ku University of Southern California, m'sukulu yophunzitsa zamakanema, n'kuyambitsa thatgamecompany mu 2006, kampani imene inadzatulutsa gemu ya Journey mu 2012. Pafupi nafe pano, yunivesite ya Wits ku Johannesburg imaphunzitsa kupanga magemu kudzera m'sukulu ya zaluso ndi ya zauinjiniya mogwirizana, ndipo Semblance, gemu imene wosewera amapinda ndi kukankha nthaka yomwe akuyendapo, inayamba ngati ntchito ya ophunzira kumeneko isanatuluke pa makina osewerera magemu a Nintendo Switch mu 2018. Palibe mwa magemu amenewa imene inatchuka chifukwa cha zida zapamwamba. Iliyonse inali ndi ganizo limodzi lachilendo limene linayesedwa pa anthu mobwerezabwereza.

Mawu akuti chibwana amandinyansanso pa chifukwa china. Abambo omwewo amene amanyoza maphunzirowa amatha masana onse ali pa bawo, akuwerengera nkhomo m'maenje 32, ndipo palibe amene amati munthu amene anakonza malamulo a bawo anali wopanda nzeru. Kulinganiza malamulo oti anthu asatope nawo kwa mibadwomibadwo ndi ntchito yolemera kuposa mmene anthu amaganizira.

Tsono mupite kapena ayi?

Bambo anu ali ndi mfundo imodzi yoona, yakuti ntchito za magemu n'zosowa ndipo makampani akuluakulu anachotsa antchito ambirimbiri mu 2023 ndi 2024. Choncho musankhe sukulu imene ikuphunzitseninso kulemba mapulogalamu mozama, chifukwa luso limenelo pamodzi ndi lomvetsa mmene anthu amagwiritsira ntchito zinthu limafunikanso popanga mapulogalamu a m'foni ndi zida zophunzitsira. Musanalipire kalikonse, funsani kuti ophunzira amayesetsa ntchito zawo kwa anthu kangati, ndipo pemphani kusewera magemu a amene anamaliza chaka chatha. Padakali pano, lowani nawo Global Game Jam, imene imachitika chakumayambiriro kwa chaka chilichonse, kumene magulu amapanga gemu m'maola 48, kuti mukhale ndi chooneka chotumiza pofunsira malo komanso choti bambo anu asewere okha.