Mafunso a Owerenga: Kodi Wosema Ziboliboli Akupanga Mafano?

FUNSO

Bambo Mlangizi, ndine bambo wa zaka 27, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu, ndipo banja langa ndimalidyetsa posema ziboliboli zimene ndimagulitsa kwa alendo pa msewu wopita ku Nkhata Bay. Luso limeneli anandiphunzitsa ndi malume anga. Mwezi watha ndinasema Ambuye Yesu atasenza mwana wa nkhosa paphewa, koma mkulu wa mpingo wathu atachiona pakhonde panga anandiuza kuti ndikuswa lamulo loletsa mafano, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wanga suli m'malo. Ndinasunganso ndalama pang'ono kuti ndikaone ntchito za osema anzanga ku Mua, koma mayi a kunyumba akuti ulendowo ndi kutaya ndalama. Kodi ndileke ntchitoyi? Nanga ulendowu uli ndi phindu kwa Mkhristu?

Wosema wa ku Chibavi

YANKHO

Achimwene, musataye kasemasema wanu, komanso musawakwiyire abambo amene anakudzudzulaniwo, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Lamulo limene akunena lili pa Eksodo 20, ndime 4 ndi 5, ndipo ndime ziwirizi ziyenera kuwerengedwa pamodzi: yoyamba ikuletsa kudzipangira fano losema, yachiwiri ikufotokoza kuti choletsedwacho ndi kuligwadira ndi kulitumikira. Mukapitiriza kuwerenga buku lomwelo, pa mutu 25 mupeza Mulungu akulamula Mose kuti apange akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa, ndipo pa mutu 31 akumutchula Bezaleli ndi dzina, kunena kuti wamudzaza ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito za golide, siliva, mkuwa, miyala ndi kusema mitengo. Ine ndimeyi imandikhudza nthawi zonse, chifukwa munthu amene akunenedwa pamenepo kuti wadzazidwa ndi Mzimu ndi mmisiri wogwira zida ngati zanu zomwezo.

Nkhani imene imaunikira bwino funso lanu ndi ya njoka yamkuwa. Pa Numeri 21 Mose anaipanga molamulidwa ndi Mulungu, ndipo olumidwa ndi njoka ankachira akaiyang'ana. Patapita zaka zambiri, pa 2 Mafumu 18 ndime 4, mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa Aisraeli anali atayamba kuifukizira lubani. Mkuwa wake unali womwewo, mpangidwe wake sunasinthe, koma mitima ya anthu ndi imene inaisandutsa fano. Choncho dzifunseni moona mtima ngati inu kapena wogula wanu mumayembekezera kuti mtengo umene mwasemawo ungamve pemphero kapena kuteteza nyumba. Ngati yankho ndi ayi, mwasema ulaliki wa m'busa wabwino pa mtengo wa mlombwa, monga mmene wina amaulalikira ndi nyimbo.

Dziwaninso kuti Akhristu akhala akusiyana maganizo pa nkhaniyi kuyambira kale. Msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea wa chaka cha 787 unavomereza zithunzi m'matchalitchi, pamene John Calvin ndi otsatira ake, patapita zaka mazana angapo, anazichotsa m'nyumba zopemphereramo. N'chifukwa chake tchalitchi cha Akatolika kapena cha Anglican chimaoneka mosiyana ndi cha mipingo imene inabwera ndi amishonale a ku Scotland. Ngati mpingo wanu sufuna chosema chilichonse kuguwa, lemekezani mwambowo ndipo musakakamize kuti ntchito yanu ikaikidwe m'tchalitchi. Koma mwambo wa kuguwa suletsa munthu kusema pakhonde pake.

Pano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa mafano, pakuti ndachiona ndi maso anga. Tsiku lina ndinaima pa malo ena ogulitsira ziboliboli, ndipo kuseri kwa chisakasa ndinapeza mnyamata atakhala pa chitsa, kachitini ka polishi wa nsapato wakuda kali pakati pa miyendo yake, akupaka njovu yosemedwa pa mtengo wamba ndi kaburashi, kenako n'kuipukuta ndi kansalu mpaka inayamba kunyezimira. Pasanathe ola ndinamumva akulumbira kwa mlendo kuti njovuyo ndi ya phingo weniweni. Kupaka mtundu si tchimo, chifukwa phingo akusowa ndipo ndi bwino kuti asadulidwe mwachisawawa, koma bodza lija ndi tchimo loonekeratu. Chimodzimodzi kugula matabwa kwa anthu amene mukudziwa kuti akuba m'nkhalango yotetezedwa, kapena kugulitsa chiboliboli cha mtengo wauwisi mukudziwa kuti chikang'ambika mwini wake akangofika kwawo. Ngati mukufuna kudziwa pamene chikhulupiriro chanu chimayesedwa pa ntchito imeneyi, ndi pa mphindi imene mlendo wagwira chosema chanu n'kufunsa kuti ndi mtengo wanji.

Tsopano za ulendo. Ndikugwirizana nanu kuti mupite, ndipo ndikugwirizananso ndi mayi a kunyumba kuti ndalama ya ufa ndi ya lendi isakhudzidwe. Khalani nawo pansi, muwaonetse ndalama zonse, mugwirizane mwezi woyenera, ndipo ngati zingatheke mupite nawo limodzi, chifukwa mkazi amene waona yekha kumene luso la mwamuna wake lingafike salitchulanso kuti ndi masewera.

Mua ndi mishoni ya Akatolika m'boma la Dedza imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 ndi ansembe a White Fathers. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo osema ambiri aphunzirira pamenepo. Chimene chinandigwira mtima nditafikako ndi kuona nkhani za m'Baibulo zitasemedwa ndi nkhope za anthu akwathu, Maria atavala ngati mayi wa kumudzi, ophunzira a Yesu akuoneka ngati asodzi a ku Nkhotakota. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana manja a chosema chimodzi, mitsempha ikuonekera, zala zitakhuthala ngati za munthu wogwira khasu, ndipo ndinazindikira kuti kwa zaka zambiri ndinkapemphera kwa Yesu amene m'maganizo mwanga anali mlendo wochokera kutali. Kuchokera kuno mudzatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudzera ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima. Mukafika musathamangire kujambula ndi foni kuti mudzakopere. Khalani pafupi ndi wosema wamkulu, muone mmene amaumitsira mtengo, mmene amatsatira mizere yake, ndi nthawi imene amathera pa nkhope imodzi.

Ngati ndalama ya ku Mua siinakwane, kuli malo apafupi. Sitima ya Ilala imachoka pa Nkhata Bay kupita ku Likoma, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican chimene anayamba kumanga m'chaka cha 1903, ndipo m'kati mwake muli mipando ya oimba yosemedwa pa miyala yofewa. Kumpoto kwathu kuno kuli Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni m'chaka cha 1894 itachoka ku Bandawe. Mukakwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, mukalowe m'tchalitchi cha pamenepo, mukaone zenera la magalasi amitundumitundu limene likuonetsa David Livingstone ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo. Ndatchula zenerali mwadala, popeza lili m'tchalitchi cha mpingo umene umapewa kwambiri mafano, ndipo anthu akhala akupemphera pansi pake kwa zaka zambiri popanda woligwadira.

Musananyamuke, pitani kunyumba kwa mkulu wa mpingo uja madzulo ena, osati pa bwalo la tchalitchi pamene pali anthu. Tengani Baibulo lanu ndi chosema chija mutachikulunga m'chitenje, muwapemphe kuti muwerenge limodzi Eksodo 20 ndi 31, kenako 2 Mafumu 18, ndipo muwalole alankhule mpaka amalize. Mukabwerako ku ulendo wanu mutilemberenso, mutiuze zimene mwaona ndi mtengo umene mwasankha kuyamba nawo.