Bambo apezeka ndi shuga ndi BP: kodi nsima aisiye?

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Amuna awo, a zaka za m'ma 50, amene amagwira ntchito yokhala pampando tsiku lonse, apezeka ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Achibale ena akuti asiyiretu nsima, ena akuti azimwa madzi a masamba a nimu m'malo mwa mapiritsi, ndipo bambowo akudandaula kuti akuphikiridwa zawozawo ngati wogonekedwa m'chipatala pamene ana akudya zokoma. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Ndiziwaphikira chiyani, nanga matendawa angathe popanda mankhwala?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi nkhawa yomwe yalowa pakhomo panu. Ndiyamba ndi za mankhwala chifukwa ndi zimene zimandichititsa mantha. Mapiritsi amene awapatsa, kaya ndi metformin wa shuga, kaya amlodipine kapena HCTZ wa BP, asawasiye ngakhale akumva bwino m'thupi. BP kawirikawiri sipweteka. Munthu amayenda nayo ili pamwamba pa 140/90, kupita kuntchito, kuseka ndi anzake, mpaka tsiku limene adzagwe ndi sitiroko kapena impso zidzaleke kugwira ntchito. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankalandira chithandizo chilichonse. Kudya moyenera ndi kuyenda kumatsitsadi shuga ndi BP, moti nthawi zina dokotala amachepetsa mankhwala akaona kuti zinthu zasintha. Koma wochepetsayo akhale dokotala, osati achibale.

Tsono nsima. Asaisiye. Bambo amene wakula ndi nsima mukamuletsa, apirira sabata ziwiri, kenako azikadya mobisa ku lesitilanti masana, inu osadziwa kuti wadya mitanda ingati. Chofunika kusintha ndi ufa wake komanso kuchuluka kwake. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa ndi kugayidwa kukhala ufa woyera, gaga yense wachoka. Mgaiwa umakhala ndi gaga wake ndipo munthu sachedwa kukhuta. Komabe musanyengedwe kuti mgaiwa ndi mankhwala: mitanda inayi ya mgaiwa ikweza shuga ndithu. Pambale yawo, theka likhale masamba. Mbali yotsalayo muigawe pawiri, kwina nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena nkhuku, kwinako mtanda wa nsima waukulu ngati chibakera chawo. Mpunga, mbatata, chinangwa ndi kachewere zili m'gulu limodzi ndi nsima, choncho tsiku la mpunga lisakhalenso ndi mbatata pambali.

Masamba sitisowa. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, mpiru, luni, zina mwa izi zimamera zokha kuseri kwa nyumba nthawi ya dzinja. Muziwatendera ndi nsinjiro pang'ono m'malo mowasambitsa m'mafuta, ndipo musawaphike mpaka kusanduka phala. Zipatso adye, koma zathunthu osati zofinya: gwafa, chidutswa cha papaya, lalanje, bango limodzi. Nyengo ya mango ndi imene imavuta, poti munthu amakhala pansi ndi beseni lonse.

Pamene shuga wambiri amalowera ndi m'kapu. Taonani m'mawa mmene amathirira shuga mu tiyi: masipuni atatu odzaza, nthawi zina anayi, ndi mandasi awiri pambali. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu, ngakhale amene sakudwala, asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi timasipuni ta tiyi 12, ndipo ndi bwino koposa kutsikira pa 6. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi limakhala ndi timasipuni 7 kapena 8. Onjezani thobwa lothira shuga ndi juwisi wosungunula uja, muona kuti mlingo wadutsa dzuwa lisanafike pamutu. Uchi nawonso ndi shuga. Kwa amuna anu, zakumwa zotsekemera zichoke m'nyumba.

Mchere ndi umene umakankha BP. Mlingo wa tsiku lonse ndi magalamu osakwana 5, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika womwe: wa m'makyubu okometsera ndiwo, wa m'kapaketi kamene kamabwera ndi soya pieces, wa mu buledi, soseji ndi nsomba zothira mchere poyanika. Soda wa mu therere nayenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimavuta mu mchere. Kambale ka mchere kachoke patebulo, ndipo m'poto muzichepetsa pang'onopang'ono. Pakatha masabata angapo lilime limazolowera. Tomato, anyezi, adyo, kambuzi ndi mandimu zimakometsa ndiwo bwinobwino.

Apa ndiye pagona mtima wanga, mayi: musawaphikire pawokha. Poto akhale mmodzi wa banja lonse. Bambo amene akudya mgaiwa ndi bonongwe akuyang'ana ana akudya chipisi ndi soseji amadziona ngati walangidwa, ndipo sapitiriza. Komanso shuga ndi BP zimayenda m'magazi a banja, ndiye ana anuwo mukuwateteza lero. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anasintha kadyedwe, kuchepetsa thupi pang'ono ndi kumayenda mphindi 150 pasabata anachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti.

Mphindi 150 zimenezo ndi mphindi 30 masiku asanu, kuyenda mwachangu mpaka kupuma kusinthe koma akuthabe kuyankhula. Safunika kulipira ku jimu. Atsike minibasi patali pang'ono ndi ofesi, alime kadimba Loweruka, ndipo mukadya madzulo muzituluka nonse awiri kuzungulira mphindi 10 kapena 15, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. Ngati akumwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide kapena akubaya insulin, asamadumphe chakudya, ndipo azikhala ndi maswiti m'thumba. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva chizungulire, ndiye kuti shuga watsika kwambiri, adye switiyo nthawi yomweyo.

Mukonzekerenso pakamwa pa anthu. Mimba ikayamba kuphwa, ena adzanong'ona kuti bambo akudwala kapena ndalama zatha, poti kwathu kuno timaona kunenepa ngati umboni wakuti mkazi akusamala mwamuna. Ambiri amabwerera ku kadyedwe kakale chifukwa cha manyazi amenewa. Muwauze amuna anu zisanachitike kuti kuphwa kwa mimbako ndi kumene adokotala akufuna.

Tsiku la sikelo yawo kuchipatala lisawaphonye, ndipo ngati mungathe muziwaperekeza, mutatenga buku lawo la kuchipatala. Mupemphe kuti awayezenso maso ndi impso kamodzi pachaka. Kunyumba muziwayang'ana mapazi madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala, popeza shuga amachititsa dzanzi moti munthu saumva munga ukamulasa. Asayende opanda nsapato, ndipo mukaona bala lililonse, ngakhale laling'ono, apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.